Buku, Kanema ndi Kulira kwa Tambala



Sabata ino yandigwera ine kuti ndigawane nanu malingaliro, ndipo ndasankha kulankhula za buku limodzi ndi kanema mmodzi. Ambiri a inu mudalipo Loweruka lija pamene tidasonkhana muholo ya parishi kudzaonera kanema wotchedwa Silence. Mukukumbukira kuti tidalowa tikuseka, ena atanyamula chimanga chokazinga ngati anthu opita kokaonera mpira, koma potuluka aliyense adangoti zii, maso pansi. Popeza ine ndidali nditawerenga kale buku lomwe kanemayu adachokerako, anzanga angapo adandifunsa panjira funso lomwe silisowa pa nkhani zotere: chokoma n'chiti, buku kapena kanema? Ndidayankha mosaganiza kuti buku, monga amayankhira aliyense wofuna kuoneka wophunzira. Koma nditafika kunyumba madzulo omwewo ndidazindikira kuti ndidafulumira kuyankha. Nkhani imeneyi ndiyo ndikufuna kukufotokozerani, ndipo pomaliza ndikuuzani buku lomwe ndasankha kuwerenga tsopano.

Bukuli adalemba ndi Shusaku Endo, mkatolika wa ku Japan yemwe adabadwa mu 1923 ndipo adamwalira mu 1996. Lidatuluka m'Chijapani mu 1966, ndipo mu 1969 wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Bambo William Johnston, adalimasulira m'Chingerezi. Dzina lake limatanthauza kukhala chete. Ine ndidalibwereka kwa Abambo omwe amathandiza bambo mfumu wathu. Pondipatsira adandiuza kuti, "Uliwerenge mofatsa, mwana wanga. Ukafika pamene pakukupweteka usalitseke, ubwere tidzakambirane." Lidanditengera masabata asanu a nyengo ya Lenti, dikishonale ili pambali, ndipo malo opweteka ndidawapezadi.

Nthanoyi ndi yopeka, koma idamangidwa pa mbiri yeniyeni. Francis Xavier Woyera adafika ku Kagoshima mu 1549, ndipo Mthenga Wabwino udafalikira mofulumira mwakuti olemba mbiri ambiri amati pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 akhristu ku Japan adalipo pafupifupi 300,000. Kenaka olamulira adayamba kuchiopa chipembedzo chachilendochi. Pa 5 Febuluwale 1597 akhristu 26 adapachikidwa pamitanda ku Nagasaki, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Paul Miki Woyera, yemwe timamukumbukira pamodzi ndi anzake pa 6 Febuluwale. Mu 1614 boma lidaletseratu Chikhristu ndi kuthamangitsa amishoni. Posakhalitsa akuluakulu a boma adaona kuti kupha akhristu poyera kumangolimbitsa mitima ya otsala, choncho adasintha njira. Adayamba kufuna anthu okana chikhulupiriro koposa mitembo. Munthu ankamumanga thupi lonse ndi kumupachika chadodolido m'dzenje la zonyansa, atamucheka pang'ono kuseri kwa khutu kuti magazi azidontha ndipo imfa ichedwe. Padalinso chomwe ankachitcha fumie, kachitsulo kapena kathabwa kokhala ndi chithunzi cha Ambuye Yezu kapena cha Amayi Maria, komwe munthu ankalamulidwa kupondapo kusonyeza kuti si mkhristu. Mu 1633 mkulu wa Ajezuiti ku Japan, Bambo Cristóvão Ferreira, adakana chikhulupiriro atakhala m'dzenjemo pafupifupi maola asanu.

Nthano ya Endo ikuyambira pamene mbiri ya kugwa kwa Ferreira idafika ku Ulaya. Ansembe achinyamata omwe iye adawaphunzitsa ku Portugal sadakhulupirire, ndipo adanyamuka kuti akadzionere okha. M'buku adanyamuka atatu, koma mmodzi adadwala natsalira ku Macau. Mukanema tikungoona awiri, Rodrigues ndi Garupe. Ku Macau komweko adapeza Mjapani wina woledzera, wamantha ndi wovala nsanza, dzina lake Kichijiro, ndipo ndiye adawalondolera mpaka kumudzi wa Tomogi, kufupi ndi Nagasaki. Kumeneko adapeza akhristu osauka omwe adakhala zaka zambiri popanda wansembe, koma adali atasankha mkulu wobatiza ana ndi anthu ena otsogolera mapemphero. Powerenga gawo limeneli ndidakumbuka miphakati yathu ndi akatekisiti a kunthambi zakutali, kumene wansembe amafikako mwa apo ndi apo, koma Lamulungu lililonse belu limalira ndipo anthu amasonkhana.

Zotsatira zake mudaziona nokha. Akhristu awiri a m'mudzimo, Mokichi ndi Ichizo, adamangiriridwa pamitengo m'mphepete mwa nyanja kuti mafunde awamenye mpaka kufa. Kichijiro adapereka Rodrigues kwa asilikali pa ndalama zasiliva 300, kuchulukitsa kakhumi mtengo wa Yudasi. Garupe adamira akusambira kulondola akhristu omwe adaponyedwa m'nyanja atakulungidwa m'mphasa. Potsiriza Rodrigues, ali m'ndende usiku, adamva phokoso lomwe ankayesa mkonono wa mlonda, ndipo lidamukwiyitsa. Ferreira ndiye adamuuza kuti kudali kubuula kwa akhristu opachikidwa m'dzenje. Anthuwo adali atakana kale chikhulupiriro, koma sakadamasulidwa pokhapokha wansembeyo ataponda fumie. Iye adali wokonzeka kufera Khristu, koma omwe ankafa m'malo mwake adali anthu ena. Adaponda, ndipo tambala adalira.

Tsono kodi buku likuchita chiyani chomwe kanema sangathe? Likutilowetsa mumtima mwa Rodrigues. Mitu yoyambirira ndi makalata omwe iye mwini akulemba, ndipo m'makalatamo tikuona chikondi chake pa Khristu, komanso kunyada komwe iye sakukuzindikira. Nthawi ndi nthawi akufanizira ulendo wake ndi masautso a Ambuye. Akulakalaka imfa yaulemerero yonga ya amaritiri omwe adawawerenga m'mabuku, ndipo akukhumudwa poona kuti imfa ya Mokichi ndi Ichizo idali yomvetsa chisoni, nyanja n'kumangowinduka ngati palibe chomwe chachitika. Iye atagwidwa makalata akutha, ndipo wolemba ndiye akusimba za iye. Kumapeto kwenikweni ngakhale wolembayo akukhala chete. Tikungotsala ndi zolemba zouma za kalaliki wa amalonda a ku Holland ndi za kapitawo wa kunyumba komwe ankasungirako okana chikhulupiriro. Wansembe yemwe adayamba ndi mawu ambirimbiri akutsiriza ali dzina chabe m'kaundula wa boma, ndiponso dzinalo si lake, ndi la Chijapani lomwe adachita kupatsidwa. Ndidatseka bukulo ndikumva ngati ndaperekeza maliro a munthu yemwe palibe womulira.

Kanemayu adakonza ndi Martin Scorsese wa ku America, yemwe adawerenga bukuli mu 1989 ndipo adakhala nalo mumtima zaka zoposa 25 asadakwanitse kulijambula. Adajambulira ku Taiwan, ndipo kanema adatuluka mu 2016. Kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho adamuonetsa kwa Ajezuiti ku Rome, ndipo Scorsese adakumana ndi Papa Francis. Sadali woyamba, pakuti Masahiro Shinoda wa ku Japan adali atakonza kale kanema wa buku lomweli mu 1971. Mphamvu ya kanema wa Scorsese ili m'maso ndi m'makutu. M'maola awiri ndi mphindi 41 mulibe nyimbo zambiri zokuuza pamene uyenera kulira. Ukungomva mafunde, mphepo ndi tizilombo ta m'tchire. Powerenga za imfa ya Mokichi ndidamva chisoni, koma nditaona thupi lake lowonda likumenyedwa ndi madzi, iye akuyimba ndi mawu otsala pang'ono kutha, ndidagwira mpando. Buku lidandiuza kuti anthu amenewa adali alimi ndi asodzi osauka. Kanema adandionetsa manja awo akuda ndi dothi akulandira timitanda taudzu ndi mikanda ya kolona ngati chuma cha mtengo wapatali.

Pali malo awiri pomwe buku ndi kanema zikusiyana kwambiri, ndipo pa malo onse awiri ine ndili mbali ya buku. Malo oyamba ndi nthawi yoponda fumie. M'nkhani zonse ziwiri Rodrigues akumva Khristu akumulankhula kuchokera pachithunzicho. Koma powerenga umatha kudzifunsa: kodi ndi Ambuye akulankhuladi, kapena ndi mtima wa munthu wotopa womwe ukudzipezera chilolezo? Odziwa Chijapani amanenanso kuti mawu omwe Endo adalemba pamenepa ali pafupi ndi kulola kusiyana ndi kulamula. Mukanema phokoso lonse likuzima, kenaka mawu akumveka bwinobwino m'makutu mwa aliyense muholo, ndipo kukayika kuja kukuchepa. Malo achiwiri ndi mathero. Scorsese akutionetsa mtembo wa Rodrigues ukuwotchedwa mwa mwambo wa Chibuda, m'manja mwake muli kamtanda komwe Mokichi adamupatsa. M'buku kamtandako mulibe. Endo akutisiya tisakudziwa bwinobwino zomwe zidatsala mumtima mwa munthuyo. Ndikumvetsa chifukwa chomwe Scorsese adawonjezera kamtandako, ndipo ambiri a ife tidapumira m'mwamba titakaona. Komabe ndikuganiza kuti buku lidanena zoona zovuta kuzilandira, zakuti za mumtima mwa munthu amaziona ndi Mulungu yekha, ndipo ife sitipatsidwa mwayi wosuzumira m'bokosi la mnzathu kuti tidziwe ngati adapulumuka.

Mukadandifunsa pakhomo la holo, ndikadathera pamenepa, buku litapambana. Koma pali chinthu chimodzi chomwe kanema adachita kwa ine chomwe masabata asanu a kuwerenga sadachite, ndipo chikukhudza Kichijiro. Munthu ameneyu akuponda fumie kangapo konse. Akulavulira mtanda. Akugulitsa wansembe. Ndipo nthawi iliyonse akubweranso, akukwawa m'matope, akupempha sakramenti la kulapa. Powerenga ndili ndekha m'chipinda ndinkangomuona ngati munthu wonyansa, monga momwe Rodrigues ankamuonera, ndipo sindidaone cholakwika chilichonse m'maganizo angawo. Koma muholo muja, pamene adatulukiranso kachitatu akufuula kuti Abambo amumvere machimo ake, tonse tidaphulika ndi phwete. Inenso ndidaseka, mwinanso kuposa ena. M'buku ndinkamunyoza mwakachetechete, koma kanema adachititsa kuti ndimve ndi makutu anga kunyoza kwangako.

Zomwe ndikulemba tsopano ndayamba ndapempha chilolezo kwa mwiniwake, ndipo wandilola. Ambiri a inu mukuwadziwa achimwene anga aakulu. Akuluakulu mukukumbukira kuti adali otumikira paguwa, ndipo pambuyo pake ankayimba m'kwaya. Ntchito itawathera adayamba kumwa, ndipo kachasu adawagwira zolimba. Adagulitsapo njinga yomwe malemu bambo athu adatisiyira. Adatengapo ndalama zomwe amayi adasungira feteleza. Nyengo iliyonse ya Lenti ndi ya Adventi amapita kokalapa, n'kukhala bwinobwino masabata awiri kapena atatu, kenaka timakawatola m'ngalande. Ine, yemwe ndimatsogolera mapemphero a achinyamata, ndidawauzapo amayi kuti kulapa kotereku n'kuseweretsa sakramenti. Tsiku lina nditawaona ali pamzere wa olapa ndidatuluka m'tchalitchi kukadikira panja, kuopa kuti anzanga angationere pamzere umodzi.

Loweruka lija nditafika kunyumba ndidawapeza ali pakhonde, ali bwinobwino, akukhoma mpini wa khasu la amayi. Adandifunsa kuti, "Kodi mphwanga, kanema wanu uja anali wa chiyani?" Ndidayankha kuti, "Anali wa ansembe omwe ankazunzidwa ku Japan, achimwene." Adangogwedeza mutu n'kupitiriza ntchito yawo. Ndili pafupi kulowa m'nyumba adati, "Mawa undidzutse m'mamawa. Ndikufuna ndikaonane ndi Abambo Misa isanayambe." Pomwepo ndidamva phwete lomwe lija la muholo likukwera kukhosi kwanga. Sindidaseke, koma ndidalizindikira, ndipo manyazi adandigwira. Usiku umenewo tulo sitidabwere. Ndidaona kuti masabata onse aja ndinkawerenga bukuli ndikudziyika pamalo a wansembe wolimba mtima, ndikudzifunsa ngati ine ndikadaponda fumie kapena ayi, funso lokoma kulifunsa munthu uli pabedi pako, popanda wokuopseza. Funso lomwe Mulungu adandiyikira pakhonde lidali lina: kodi munthu wogwa kambirimbiri akafuna kudzukanso, ine ndidzamudzutsa kapena ndidzamuseka?

Ndisamveke molakwa, abale anga. Sindikunena kuti kukana chikhulupiriro ndi nkhani yaing'ono. Nditabwerera kwa Abambo omwe adandibwereka buku, adanditsegulira Katekisimu wa Mpingo wa Katolika. Pa ndime 2473 Mpingo ukuphunzitsa kuti kufera chikhulupiriro ndi umboni woposa umboni wina uliwonse. Pa ndime 1789 ukutikumbutsa kuti sitiloledwa kuchita choipa pofuna kuti pabwere chabwino. Ife a ku Africa tili ndi amaritiri a ku Uganda, Charles Lwanga Woyera ndi anzake, omwe adawotchedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, ndipo mmodzi mwa iwo, Kizito, adali mnyamata wa zaka pafupifupi 14. Iwo ndiwo chitsanzo chomwe Mpingo umatiyikira patsogolo, osati Rodrigues. N'chifukwa chake akatolika ena a ku Japan sadalilandire bwino buku la Endo litangotuluka, ndipo nkhawa yawo ndikuyimvetsa. Koma Katekisimu yemweyo, pa ndime 1735, akunenanso kuti mantha ndi kukakamizidwa zimatha kuchepetsa kulakwa kwa munthu pamaso pa Mulungu. Tchimo timalitcha tchimo, koma muyeso wa kulakwa kwa mnzathu suli m'manja mwathu.

Abambo adandiuzanso kuti funsoli ndi lakale kwambiri mu Mpingo. Pa mazunzo a mfumu Decius mu 250, akhristu ambiri adapereka nsembe kwa milungu ya Aroma chifukwa cha mantha. Mazunzo atatha adabwerera akulira. Wansembe wina wa ku Rome, Novatian, adaumirira kuti anthu otere asalandiridwenso. Koma mu 251 Papa Cornelius ndi Cyprian Woyera, episkopi wa ku Carthage kumpoto kwa Africa, adagamula kuti ogwawo alandiridwe atachita zolapa. Mpingo udasankha njira imeneyi chifukwa umakumbukira mwala womwe udamangidwapo. Petulo adakana Ambuye katatu tambala asadalire, ndipo Yudasi adawapereka usiku womwewo. Onse awiri adachimwa, onse awiri adamva chisoni. Kusiyana kwawo n'kwakuti mmodzi adataya mtima, pamene wina adabwerera kwa Ambuye ndipo adapatsidwa nkhosa zoti aziwete. Kichijiro ali ndi zofooka zonse, koma tchimo la kutaya mtima alibe. Ngakhale Rodrigues ataponda fumie ndi kuvula unsembe pamaso pa anthu, Kichijiro akubwerabe kwa iye kudzalapa, ndipo Rodrigues akumumvera. Munthu yemwe ankamunyoza uja ndiye akumukumbutsa kuti akadali wansembe.

Mbiri yeniyeni ya Japan ili ndi mathero omwe buku ndi kanema sizidafikeko. Patapita zaka zoposa 200 akhristu ali opanda wansembe wowatumikira, dzikolo lidalola alendo kumanga tchalitchi chawo ku Oura, mumzinda wa Nagasaki. Pa 17 Malichi 1865 kagulu ka anthu a ku Urakami kadalowa m'tchalitchimo, ndipo mayi wina adanong'oneza Bambo Bernard Petitjean kuti iwonso ndi a chikhulupiriro chomwecho, nafunsa komwe kudali fanizo la Amayi Maria. Mibadwo yonseyo adasunga ubatizo, mapemphero ndi kalendala ya Mpingo mobisa. Ndipo makolo awo, chaka ndi chaka, ankakakamizidwa kuponda fumie, kenaka n'kubwerera kunyumba kukanena pemphero la kulapa. Chikhulupiriro chidawoloka zaka zonsezo ndi magazi a amaritiri, komanso pamapewa a anthu ofooka omwe ankagwa ndi kudzuka. Mazunzo atabukanso mu 1867, zidzukulu za anthu omwewo zoposa 3,000 zidalola kuthamangitsidwa kwawo m'malo mokana Khristu, mpaka chiletso chidachotsedwa mu 1873. Endo mwiniwake adayamba kuganizira nthanoyi ataona fumie ku Nagasaki, thabwa lake litada ndi mapazi a anthu omwe adapondapo, ndipo adadzifunsa za ululu womwe mapazi amenewo adamva.

Tsono kwa omwe adandifunsa panjira, yankho langa lasintha. Buku lidandiphunzitsa zambiri za Rodrigues, ndipo ndilo lozama. Koma kanema, chifukwa tidaonera pamodzi, adandiphunzitsa za ine mwini. Ngati mungathe, yambani ndi buku, kuti nkhope ya Rodrigues muyambe mwaijambula nokha musadaone ya Andrew Garfield. Kanemayo musaonere nokha pafoni. Muonere ndi anzanu, ndipo mutchere khutu pamalo pomwe mukuseka.

Funso lotsala ndi lakuti ndiwerenge chiyani tsopano. Abambo adandiyikira mabuku atatu patebulo. Loyamba ndi Deep River, lomwe Endo yemweyo adatulutsa mu 1993, lonena za alendo a ku Japan opita kumtsinje wa Ganges ku India. Mwiniwake adalikonda kwambiri, mwakuti lidayikidwa m'bokosi lake la maliro pamodzi ndi Silence. Lachiwiri ndi African Holocaust, mbiri ya amaritiri a ku Uganda yomwe Bambo J. F. Faupel adalemba mu 1962. Mnzanga wina wa m'kwaya adandilimbikitsa kutenga limeneli, ati titaonera anthu oponda nkhope ya Ambuye tiyenera kutsuka m'maso ndi mbiri ya omwe sadagonje. Mawu ake ali ndi nzeru, ndipo ndalonjeza kuti ndidzaliwerenga mwezi wa Juni, pokonzekera chikondwerero chawo. Lachitatu ndi The Power and the Glory la Graham Greene, mkatolika wa ku England, lomwe lidatuluka mu 1940 iye atayendera dziko la Mexico mu 1938.

Ndasankha lachitatuli. Monga momwe Abambo adandifotokozera, nkhani yake ikuchitika m'zaka za m'ma 1930, m'chigawo china cha Mexico momwe boma lidatseka matchalitchi ndi kusaka ansembe. Wansembe yemwe watsala akuyendayenda mobisa alibe ngakhale dzina m'bukumo. Ndi chidakwa, ndi wamantha, ali ndi mwana yemwe adabereka mophwanya malumbiro ake, ndipo akudziwa bwino lomwe kuti ndi wosayenera. Komabe akupitiriza kubatiza, kumvera olapa ndi kuchita Misa m'midzi momwe mulibe wina woti achite zimenezi. Bukuli nalonso lidadandaulitsa akuluakulu ena a Mpingo ku Rome mu 1953, koma pambuyo pake Papa Paul VI adauza Greene kuti adaliwerenga ndipo asade nkhawa ndi odandaulawo. Silence idandionetsa munthu wodziyesa wamphamvu akugwa. Tsopano ndikufuna kuona zomwe chisomo cha Mulungu chimachita mwa munthu yemwe aliyense, ndi iye yemwe, akumudziwa kuti ndi wofooka. Augustine Woyera, polimbana ndi gulu la Donatus kumpoto kwa Africa, adaphunzitsa kuti mphamvu ya masakramenti imachokera kwa Khristu, osati ku ungwiro wa wowapereka. Chiphunzitso chimenechi ndimachidziwa ndi mutu. Ndikufuna chitsikire mumtima.

Pali chifukwa chinanso. Lamulungu lija ndidawadzutsa achimwene tambala atangolira kachiwiri, ndipo tidayenda limodzi mpaka kutchalitchi. Ulendo uno sindidadikire panja. Ndidaima pambuyo pawo pamzere, pakuti nanenso ndidali ndi choti ndikanene. Pobwerera ndidawasimbira za Kichijiro. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati, "Ameneyo ndikumudziwa bwino. Anthu amayesa kuti kubwerera n'kosavuta. Kachitatu kamawawa kuposa koyamba, chifukwa umadziwa kuti ngakhale m'bale wako sakukukhulupiriranso." Ndidasowa choyankha. Chingerezi chawo n'chabwino kuposa changa, choncho ndawapempha kuti buku la Greene tiwerengere limodzi, mutu umodzi madzulo alionse, pakhonde pomwe paja. Avomera. Sindikukuuzani kuti asiya kumwa, pakuti za mawa sindikuzidziwa, ndipo takhumudwapo kambiri. Chomwe ndikudziwa n'chakuti akadzandipemphanso kuti ndiwadzutse, ndidzawadzutsa.

Abale ndi alongo anga, sabata ino tiyeni tidzifunse mafunso awiri. Kodi Kichijiro wa m'banja mwanga, wa mumphakati mwanga kapena wa m'gulu lathu la achinyamata ndani, ndipo ndimamulandira bwanji akabwerera? Nanga ine, ndi tchimo liti lomwe ndaleka kupita nalo kokalapa chifukwa cha manyazi akuti ndalinena kambirimbiri? Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Yemwe akufuna kuwerenga nafe bukuli andipeze ikatha Misa yachiwiri, tigwirizane m'mene tingamabwerekeranirane, popeza lilipo limodzi lokha.

Ambuye Yezu, Inu amene mudatembenuka ndi kumuyang'ana Petulo tambala atalira, tiyang'aneninso ife. Tipatseni kulimba mtima kwa amaritiri anu a ku Nagasaki ndi a ku Namugongo. Tikagwa musalole kuti titaye mtima, ndipo m'bale wathu akamadzuka tichotsereni phwete pakamwa, kuti timugwire dzanja. Amayi Maria, pothawira pa ochimwa, mutipempherere. Amen.